Abishopu Akhoza Kudikira

Mwezi wa Juni ukafika kuno ku Bvumbwe, pamene chiperoni chimatsika kuchokera kumapiri a ku Mozambique n'kukuta minda ya tiyi ndi nkhungu yoti munthu sungaone ngakhale mbuzi imene waimangirira pakhomo pako, pamodzi ndi kamvula kake kaja kamene sikakhutitsa nthaka koma kamalowa mpaka m'mafupa, ine ndili ndi mwambo wotsegula bokosi langa la mabuku, kuwatulutsa limodzilimodzi, kuwapukuta ndi kansalu ndi kuwaimika pafupi ndi mbaula, kuopa kuti chuku, chiswe ndi njenjete zingandilande chuma chokhacho chimene zaka 36 za uphunzitsi zidandisiyira. Bokosi limeneli ndi limodzi la mabokosi aja a matabwa opyapyala, okutidwa m'kati ndi chipepala chonyezimira, amene kale ankalongedzamo tiyi wopita ku London kudzera pa njanji ya ku Beira. Ndipo bambo anga, amene adakalambira pa ukalaliki wa pasikelo pa esiteti ina ya kuno, adabwera nalo atalisenza pamutu ine ndisanayambe sukulu, amayi nasungiramo zovala za kutchalitchi kufikira tsiku limene adatisiya. Fungo la tiyi lidathamo kalekale, koma m'nyengo yachinyezi, ukasendeza mphuno pangodya, umachita ngati ukulimva.

Chaka chino, nditawatulutsa onse, ndinachita chinthu chimene ndinkachizemba kwa zaka zambiri: ndinapatula amene ndidawerenga ndi amene sindidawerenge, nkhosa kwina mbuzi kwina, ndipo mbuzizo zinakwana 27. Chiwerengero chotere sichikadandisautsa ndikadali mnyamata. Koma ndadutsa zaka 70, ndipo dokotala amene anandiunika m'maso mvula isanakate anandiuza mosabisa kuti diso lakumanzere lagwidwa ng'ala, lakumanja nalonso layamba kulondola mnzake. Tsopano ndimawerenga ola limodzi lokha, m'mawa, dzuwa likamalowa pazenera la kum'mawa, ndipo likapitirira olalo zilembo zimayamba kusambira ngati matemba. Munthu amene adaphunzitsa masamu a Sitandade 8 mpaka tsitsi kuchita imvi sangathe kudzinamiza pa samu yapafupi ngati imeneyi, ndipo ngakhale atandichotsa ng'alayo, masiku a munthu ali m'dzanja la Mwini moyo, osati m'dzanja la dokotala. Ena mwa mabuku 27 aja ndidzawawerenga, ena adzandiperekeza kumanda asanatsegulidwe, ndipo amene ayenera kusankha ndine.

Mulu umenewu sudamangidwe tsiku limodzi. Mwezi ukatha, malipiro ali m'thumba, ndinkakwera basi kupita ku Limbe, kumene anyamata amayala mabuku akale pamakonde a masitolo, a sukulu ndi a nthano mosakaniza, ena opanda zikuto. Nthawi zina ndinkapitirira mpaka ku Blantyre kukalowa mu CLAIM, kapena mu Malawi Book Service isanatsekedwe. Ndipo ndinkabwerera madzulo nditanyamula buku limodzi kapena awiri pansi pa thumba la sopo ndi shuga, kuti mayi a kunyumba asafunse mtengo wake. Ndinali ngati munthu wogula mbewu chaka ndi chaka pomwe munda alibe, akudzitonthoza kuti akadzapuma pantchito mfumu idzamugawira dimba. Ndidapumadi pantchito, koma dimbalo lidadzadza ndi maliro, misonkhano ya mpingo, milandu ya malire, ndi adzukulu ofuna kuwaonetsa masamu.

Tsono pofuna kusankha, ndinayamba ndayesa njira zimene aliyense angayese. Dzanja langa, ndiulule, silinafune n'komwe kupita ku mulu wa mbuzi. Linkathawira kwa mabwenzi akale, makamaka kwa Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, limene lidatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Afirika, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Ndidaliwerenga kanayi, ndipo ndikudziwa kuti kachisanu lingandikomere koposa, popeza ndiwo za dzulo zimalowerera mchere. Koma munthu amene ufa watsala pang'ono m'dengu saphikira nsima alendo amene adya kale. Ndinalibweza m'bokosi ndi mtima wolemera.

Ndinayesanso kuyamba ndi buku limene limandichititsa manyazi, ndilo la ndakatulo za Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, limene lidasindikizidwa ku London mu 1981, kenaka boma n'kulichotsa m'masitolo ndi m'masukulu, mwini wake natengedwa ku Zomba mu Seputembala 1987 kukatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka Meyi 1991. M'zaka zimenezo mphunzitsi mnzanga wina adandisonyeza buku limeneli atalikulunga m'nyuzipepala, tili kuseri kwa kalasi, ndipo ine, pokumbukira ana anga anayi ndi nyumba ya sukulu imene tinkakhalamo, ndidaika manja kumbuyo ngati wandisonyeza njoka. Ndidadzaligula itatha riferendamu ya 1993, nthawi imene kuligula sikunkafunanso kulimba mtima kulikonse. Ndipo mwina ndi chifukwa chake lakhala m'bokosi zaka zonsezi, pakuti ndikalitsegula ndimaona kuseri kwa kalasi kuja m'malo mwa zilembo. Pambali pake pali chimphona cha mulu wonse, Independent African, mbiri ya John Chilembwe imene George Shepperson ndi Thomas Price adatulutsa ku Edinburgh mu 1958. Ku Mbombwe, kumene Chilembwe adamanga mishoni yake, si kutali ndi kuno, nkhope ya Chilembwe timayenda nayo m'matumba pa ndalama, ndipo n'chamanyazi kuti mphunzitsi amene chaka ndi chaka ankauza ana za 1915 sadafike ngakhale pakati pa buku limeneli. Koma ndi kalongonda, ndipo mayi aliyense wa Chilomwe amadziwa kuti kalongonda safuna phuma: umamuwiritsa tsiku lathunthu, kutaya madzi ndi kuthira ena, ndipo ukamuphula msanga amakuzunguza mutu. Nkhuni zophikira kalongonda wotere ndinkakayika ngati ndikadali nazo. Panalinso buku la ngongole, la nthano, limene mnzanga wapamtima adandibwereka zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Sabata imodzi yathunthu ndinatsegula mabuku asanu, lililonse masamba khumi, osapitiriza ndi limodzi lomwe, ndipo Loweruka ndinadziseka ndekha pokumbukira kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pamene ndinali kulimbana ndi zimenezi, mtima unkandibweza ku ubwana wanga, ku mizere ya tiyi kumene amayi ankathyola atabereka dengu kumsana, ndi ku sikelo kumene bambo ankalemba. Wothyola tiyi salimbana ndi funso lakuti ayambe pati, chifukwa mtengo womwewo umamuuza: amatenga masamba awiri anthete ndi kansonga kake, nasiya enawo, ndipo m'nyengo ya dzinja, pamene tiyi amaphuka usiku ndi usana, munda umene wathyoledwa lero uyenera kubwereredwa pakangopita sabata kapena masiku khumi, chifukwa ukachedwa masamba amakhwima, ndipo tsamba lokhwima amalikana pasikelo. Tiyi sadikira munthu. Koma buku, ndinkatero mumtima, silili ngati tiyi: silikhwima, silifota, ndipo ukaliteteza ku chiswe lidzakuuza mawa zomwezo zimene likadakuuza lero. Maganizo amenewa ndiwo adandigoneka tulo zaka makumi atatu, ndipo ndinkawayesa nzeru.

Amene anandidzutsa ndi amayi anga aang'ono, mng'ono wa amayi ondibala, yekhayo wotsala mwa ana a agogo, amene amakhala m'mudzi wina kumunsi kwa msewu wa ku Thyolo. Chaka chimene adabadwa sachidziwa, koma njala ya 1949 amaikumbukira bwino lomwe, ndipo amati pa chipolowe cha 1953 n'kuti atangotha msinkhu kumene. Ndinapita kukawazonda kumapeto kwa Juni atadwala chifuwa, ndipo pochoka pakhomo ndinatola buku limodzi pa mulu uja, osasankha, longoti ndizidzayang'anamo podikira minibasi kuti idzaze pa siteji ya pamsika, pakati pa madengu a tomato, kabichi ndi mapeyala. Linali Magomero, la Landeg White, la mu 1987, limene ndidaligula pakhonde ku Limbe ndipo ndinali ndisanapyole tsamba loyamba. Ndinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, atafunda bulangete, akusenda nandolo wamuwisi m'lichero, ndipo titatha malonje, ataona chinthu chikutuluka m'thumba la jekete, anati, "Nanga mlendo wanuyo, aphunzitsi, simutiuza dzina lake? Akuti chiyani?"

Ndinawafotokozera zimene ndinali nditatola m'minibasi: kuti ndi mbiri ya mudzi umodzi wokha wa ku Chiradzulu, kuyambira pamene Bishopu Mackenzie adamangapo misasa yake mu 1861, kudzera m'nthawi imene malowo adasanduka esiteti ya A. L. Bruce, kufikira masiku a Kamuzu. Kuti mlembi wake adakhala pansi ndi anthu a m'mudzimo nawamvetsera, kuwonjezera pa makalata akale a boma ndi a mishoni. Ndi kuti m'katimo muli nkhani ya Alomwe amene adaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nalandiridwa pa malo a azungu, malipiro a malowo nakhala thangata. Nditatchula liwu lomalizali, manja awo anaima m'lichero. Ine ndidakula ndikuwadziwa amayi amenewa ngati munthu wanthabwala, wodziwa nyimbo za pamtondo ndi zolaula za kuchinamwali, ndipo m'zaka zanga zonse ndinali ndisanawamvepo akunena za thangata. Komanso, kunena zoona, ndinali ndisanawafunsepo, popeza ndinkayesa kuti mbiri imakhala m'bokosi la tiyi.

Analankhula mpaka nkhuku kulowa m'khola. Anandiuza za tikiti ya agogo, kapepala kamene kapitawo ankachongapo tsiku lililonse logwiridwa, ndi mmene mwezi wa thangata unkatalikira kuposa mwezi wa kumwamba, chifukwa tsiku limene munthu sanamalize ndime yake silinkachongedwa, ngakhale atagwira kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka. Za mwezi wa malo ndi mwezi wa msonkho, imene inkafunidwa m'dzinja, nthawi yomweyo imene munda wa mwini wake unkalira khasu. Za nyumba ya mkazi wina wamasiye imene adaigwetsa iwo akuona, pa esiteti ina imene sindiitchula pano, chifukwa mwana wake wamwamuna adathawira ku Salisbury. Ndi za dzina lachipongwe lija lakuti Anguru, limene Lewis Bandawe ndi anzake adalimbana ndi boma la atsamunda kuti lileke kulembedwa, koma limene iwo adakali kulimva m'makutu. Za 1953 ananena mwachidule, monga anthu amachitira ndi zinthu zimene zidawaopsa koposa: mitengo yogwetsedwa kutseka misewu, magalimoto a apolisi ochokera ku Rhodesia, ndi usiku umene atsikana onse a m'mudzi adagona m'kati mwa tiyi, pansi pa nthambi, mame akuwagwera. Ndipo anamaliza ndi chinthu chimene sindidzachipeza m'buku lililonse: kuti kuyambira ali mtsikana, ngakhale lamulo lidathetsa thangata mu 1962, iwo sanenapo kwa munthu kuti "ndithangateni", ngakhale mtolo utawalemera chotani, chifukwa liwu limene makolo ankatchulira kuthandizana kwa abale pa munda, azungu adalidetsa, ndipo m'kamwa mwawo silidayerenso. Ndinaganiza za zaka zonse zimene ndawamva akuti "ndigwirizeni", "ndisenzeni", "nditule", ndipo ndinazindikira kuti n'zoona.

Tinapangana kuti ndizibwera kawiri pa sabata kudzawawerengera, ndikumasulira m'Chichewa pamene ndikupita. Ntchito imeneyi ndi yochedwa kuposa kuwerenga wekha, chifukwa iwo samvetsera ngati ana a sukulu; amalitenga bukulo ngati mlendo amene wabwera kudzapereka umboni pabwalo, ndipo mboni imafunsidwa mafunso. Pamene lanena zimene akuzidziwa amavomera ndi mutu, nati, "Ameneyo anafunsa akuluakulu." Pamene lanena za thonje ndi fodya, zimene zinkalimidwa ku Magomero, amandiimitsa kuti andiuze mmene zinkasiyanira ndi kuno kwa tiyi, kumene ntchito siinkatha ndi kukolola, popeza ukatha kuthyola umadulira, ukatha kudulira umapalira, ndipo fakitale imafuna nkhuni za bulugama chaka chonse. Nthawi zina amati, "Tamufunsani mlendo wanuyo ngati kapitawo wa kumeneko anali mzungu kapena mwana wa mnzathu," ndipo ine ndimafufuza m'masamba, pena n'kupeza yankho, pena ayi. Ndipo ndikalisowa amaseka, nati mlendo wabwino ndi amene amasiyako zina kuti eni mudzi anene. Tsiku loyamba lenileni, ndili m'kati mofotokoza za Bishopu Mackenzie, mmene adafikira ndi David Livingstone ndi mmene malungo adamutengera mu Januwale 1862 kumene Ruo amathira mu Shire, anandidula pakamwa. "Aphunzitsi, abishopuwo adagona kale, akhoza kudikira. Ine chifuwachi simukuchimva? Tsegulani pamene pali ife."

Ndinatsegula pamene pali iwo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinayamba buku pakati, chinthu chimene ndikadakwapulira mwana wa sukulu. Pobwerera madzulo amenewo, nditakhala kumbuyo kwa njinga ya kabaza, tikudutsa m'mphepete mwa minda imene anali atayamba kuidulira, ndinaona pamene samu yanga inalakwika. Ndinkawerengera masamba a mabuku ndi mphamvu ya maso anga, ngati kuti pa kuwerenga pamakhala awiri okha, munthu ndi buku. Koma mabuku ambiri a m'bokosi langa amanena za dziko lino, za zinthu zimene zidachitika pa mtunda woyenda ndi miyendo kuchokera pakhomo panga, ndipo pa buku lotere pamakhala wachitatu, ndiye munthu amene adaziona, amene angalivomereze, kulitsutsa kapena kuliwonjezera. Bukulo lidzadikiradi, mitengo ya tiyi nayonso imadikira, pakuti ku Satemwa, kumene Maclean Kay adayamba mu 1923, ndi m'maesiteti ena akale, mitengo imapitirira moyo wa amene adaibzala. Chimene chimakhwima n'kugwa ndi wachitatu uja.

Apa m'pamene buku la ngongole lija linandilasa mtima. Mnzanga amene adandibwereka, amene tidaphunzitsa limodzi zaka khumi ndi ziwiri, ankati tikakumana pamsika kapena pamaliro, asanafunse n'komwe za kunyumba, amayamba ndi kuti, "Mwafika pati, achimwene?" ndipo ine ndinkayankha kuti ndatsala pang'ono kuyamba, tonse n'kuseka, ndipo tidaseka choncho zaka zisanu ndi chimodzi, kufikira tsiku limene ndidakasenza nawo bokosi lake. Nditalitsegula bwino sabata ija ya pusi, ndinapeza kuti m'mphepete mwa masamba adalembamo ndi pensulo: pena mzere, pena chizindikiro cha funso, pena liwu limodzi lokha lakuti "bodza", ndipo pa tsamba lina chakumapeto adalemba chilembo choyamba cha dzina langa, n'kuchizunguliza. Chimene adaona pa tsamba limenelo chomukumbutsa ine, kaya n'chondiyamika kaya n'chondiseka, ndaliwerenga kasanu osachipeza, ndipo amene akadandiuza ali pansi pa mitengo ya kumanda. Sadandibwereke nthano ayi. Adandiitana kuti tidzakangane, ndipo ine ndidachedwa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Choncho ndawayalanso mabuku aja, ndipo tsopano pa lililonse ndimafunsa kuti ndani akadali moyo amene angaliyankhe, ndipo ali ndi zaka zingati. Mbiri ya Amang'anja, ya E. W. Chafulumira, imene inali pansi penipeni chifukwa ndi yopyapyala ndipo ndinkaiyesa ya ana, yakwera kufika pachiwiri, popeza mu mpingo mwathu muli mkulu wina wa Chimang'anja, wochokera kutsika kwa Chikwawa, amene amadziwa za Lundu ndi za Mbona wa ku Khulubvi kuchokera kwa agogo ake, ndipo chaka chino wayamba kuyenda ndi ndodo. Ndakatulo za Mapanje ndidzapita nazo kwa mphunzitsi uja wa kuseri kwa kalasi, amene ndamva kuti akadali moyo ku Luchenza. Kaya adzandilandira bwanji, koma manyazi a zaka makumi anayi ndi bwino kukawatula kwa mwini wake kusiyana ndi kuwasunga m'bokosi. Kabuku ka kalumikizidwe ka mitengo ya zipatso, kamene ndidakapeza kwa mlangizi wina wa zaulimi, ndakapereka kwa mdzukulu wanga kuti tikawerengere limodzi pansi pa mpeyala, mpeni uli m'manja, pakuti pamenepo wachitatu wokalambayo ndine. Kalongonda wa Chilembwe watsikira pansi, osati chifukwa chomunyoza, koma chifukwa onse amene adaona 1915 adapita, ndipo iye, monga abishopu, akhoza kudikira; ngati Mulungu andisungira diso limodzi, ndidzamuphika pa moto wa chitsa. Buku la mnzanga ndinafuna kukalibweza kwa mayi a kunyumba kwake, koma iwo anakana, nati malemuwo akadakwiya kulandira buku losawerengedwa. Lili pambali pa Buku Lopatulika, pamutu pa bedi, kunja kwa mulu.

Chifuwa cha amayi aang'ono chachepako, ngakhale usiku akuti chimawadzutsabe. Tadutsa zaka za nkhondo yachiwiri, ndipo atsimikiza kuti tikafika kumapeto tibwerere kwa William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Bruce ija, amene anthu ankamutcha Listonia, ndi usiku wa pa 23 Januwale 1915, chifukwa akuti apongozi awo ankaimba nyimbo ina ya munthu ameneyo imene mawu ake akuwabwerera pang'onopang'ono. Pamene talekezera amaikapo okha kaudzu kothyola kutsache lawo, ndipo salola kuti ndipinde tsamba. Lachinayi anandiletsa kubwera, ndi tsiku la Mvano, ndipo akuti ngakhale ndi chifuwa sangajombe kawiri motsatizana. Choncho ndipita mawa, Lachisanu, chiperoni chikalola. Bukulo ndalikulunga kale m'jumbo ya shuga kuopa kamvula, ndipo pamwamba pake ndaikapo kapaketi ka tiyi ndi mabanzi anayi, chifukwa anandidandaulira kuti mlendo wangayu amabwera chimanjamanja.